Khoswe wa Pamkhate

Kwathu kwa Chowe, ukawoloka mlatho wa pa Mangochi n'kuyamba kukwera phiri pa msewu wa ku Namwera, n'kovuta kupeza banja limene lilibe munthu wake ku Joni. Akuluakulu adapita kale pa ndege ya Wenela kukakumba golide. Anyamata a lero amapita pa basi kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge, kukasoka zovala, kukalima maluwa m'mayadi a eni ake ndi kukagulitsa m'masitolo. Malata ambiri amene amawala m'midzi yathu adagulidwa ndi ndalama za kumeneko. Tsono ndale za ku South Africa kwa ife si nkhani ya m'mabuku okha ayi. Kumeneko kukavuta, kwathu mayi amagona osadya, foni ili m'manja.

Pano pa Chirunga ndamva anzanga ena akunena kuti magulu a anthu ouma mtima amene amakhala kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanja pa ndale ndi tizinthu tating'ono, tongosokosera, timene timagwa pa chisankho chilichonse. Ine sindigwirizana nawo. Mawu akuti dzanja lamanja adachokera ku France m'chaka cha 1789, pamene aphungu okonda mfumu ndi mwambo wakale ankakhala kumanja kwa wapampando. Chipani chosunga zakale chimati zinthu zisinthe pang'onopang'ono. Koma m'mphepete mwa chipani chotere mumakhala ena amene safuna kusintha kulikonse, ndipo dzina la mdani amakhala nalo kale pakamwa: mlendo, wakhungu lina, wachipembedzo china. Mphamvu ya anthu amenewa simuiona mukawerenga mipando yawo m'nyumba ya malamulo. Muiona mukawerenga zinthu zimene chipani chachikulucho chikuopa kuchita chifukwa cha iwo.

Chitsanzo chimene ndimachidziwa bwino chili ndi dzina la dziko lathu m'kati mwake. M'chaka cha 1967 boma la Dr. Banda lidapangana ndi boma la John Vorster kuti azitumizirana akazembe, ndipo Malawi lidali dziko lokhalo la anthu akuda mu Afirika limene lidachita zimenezi. Ife timaikumbukira nkhaniyi chifukwa cha manyazi amene idatipatsa pamaso pa anansi athu, ndiponso chifukwa cha ngongole imene idathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Chimene sitimachikumbukira kawirikawiri n'chakuti nkhani yomweyo idathandiza kung'amba chipani cha National Party, chimene chidali mwini wake wa tsankho. Ena mwa Mabunu adafunsa kuti: kazembe wakuda adzagona kuti? Ana ake adzaphunzira sukulu iti? Nanga akadzaitanidwa ku phwando, adzadya patebulo limodzi ndi ife? Mkangano wina udali wakuti anyamata a mtundu wa Maori aloledwe kapena asaloledwe kubwera ndi timu ya New Zealand kudzasewera rugby. Chipani chidagawika pakati pa amene ankatchedwa verligtes, kunena kuti openya, ndi amene ankatchedwa verkramptes, kunena kuti okakamira.

Mtsogoleri wa okakamirawo adali Albert Hertzog, nduna imene kwa zaka zambiri idakana kuti wailesi yakanema ilowe m'dzikomo. Vorster adamuchotsa pa unduna mu 1968, ndipo mu October 1969 Hertzog ndi Jaap Marais adayambitsa chipani chawochawo, Herstigte Nasionale Party. Pa chisankho cha mu April 1970 sadapate mpando ngakhale umodzi. Mwezi wotsatira Vorster adabwera kudzacheza kuno, ndipo mu August 1971 Dr. Banda adapita kukabwezera ulendowo. Munthu wongowerenga manyuzi akadati okakamira athera pomwepo.

Komatu amene adatuluka adali ochepa. Ambiri adatsala m'kati. Mmodzi wa iwo adali Andries Treurnicht, amene kale adali mbusa wa mpingo. Vorster, pofuna kuti mbali imeneyi isamuthawe, adamupatsa udindo wa wachiwiri kwa nduna yoona za maphunziro a anthu akuda kumayambiriro kwa 1976. Lamulo lokakamiza ana kuphunzira m'chinenero cha Afrikaans adalipeza lilipo kale, koma makolo ndi aphunzitsi atadandaula, iye adakana kufewa. Pa 16 June chaka chomwecho ana a ku Soweto adatuluka m'makalasi, apolisi n'kuwaombera. Chipani cha Hertzog chidalibe phungu pa nthawiyo, koma maganizo ake adali pa desiki ya nduna.

Agogo anga aamuna sadawerengepo mayina onsewa, koma zotsatira zake adazisenza pamsana. Adagwira ntchito ya mumgodi zaka zambiri mpaka adafika pa ukapitawo. Amanena kuti ankadziwa kumvera mwala: akaugogoda ndi chitsulo ankadziwa ngati ugwa kapena ayi. Anyamata achizungu ongobwera kumene ankawaonetsa ndi iwo pobowola ndi poika wonga. Koma chitupa chophulitsira miyala, chimene chidali khomo la malipiro abwino, lamulo silinkalola kuti munthu wakuda akhale nacho. Pamene kazembe wa Malawi ankalandiridwa m'mahotela a azungu, agogo ankagona pa kama wa simenti m'komboni. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Agogo, kodi ubwenzi wa maboma awiriwo udakupindulirani chiyani?" Adaseka, n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, ubwenziwo udathera pamwamba. Pansi pa nthaka sudatsike."

N'chifukwa chiyani sudatsike? Eni migodi ambiri ankafuna kuti lamulo la chitupacho lichoke, poti munthu wakuda waluso adali wotchipa kwa iwo. Bungwe la Wiehahn, limene boma lenilenilo lidakhazikitsa, lidayamba mu 1979 kulangiza kuti ntchito zisamasungidwire azungu okha. Koma bungwe la azungu ogwira ntchito m'migodi, Mine Workers' Union, motsogozedwa ndi Arrie Paulus, lidakana kwamtuwagalu, mpaka kunyanyala ntchito chaka chomwecho. Boma lidaopa kuti mavoti a m'matauni a migodi apita kwa okakamira, choncho lidazengereza. Lamulolo lidasinthidwa mu 1987, ndipo anthu akuda adayamba kulandira zitupa mu 1988. Chaka cha 1988 chomwecho ndi chimene kulemba Amalawi ntchito za m'migodi kudatha, pa mkangano wa kuyeza magazi. Khomo lidatseguka agogo ndi anzawo atabwerera kale kumudzi.

Treurnicht naye adatuluka m'chipani mu 1982, pokana maganizo a P. W. Botha opatsa Amwenye ndi Makaladi kagawo m'nyumba ya malamulo, nayambitsa Conservative Party. Pofika 1987 chipani chimenechi ndicho chidali chachikulu pa zipani zotsutsa m'nyumba ya azungu, ndipo Paulus adali mmodzi wa aphungu ake. Chitapambana mpando wa Potchefstroom mu February 1992, F. W. de Klerk adaitanitsa riferendamu ya azungu okha, ndipo oposa awiri mwa atatu alionse adavomera kuti zokambirana zipitirire. Okakamira adagonjanso. Koma pa 10 April 1993 Chris Hani adaphedwa pakhomo pa nyumba yake, ndipo mfuti imene Janusz Waluś adagwiritsa ntchito adaipereka ndi Clive Derby-Lewis, mkulu wa Conservative Party. Dziko lidatsala pang'ono kuyaka. Anthu ogonja pa mavoti adatsala pang'ono kupambana ndi chipolopolo.

Akulu akale adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamuponyera mwala uswa mkhate wako womwe. Apa ndi pamene pagona moyo wautali wa magulu amenewa. Iwo sabwera ndi chiphunzitso chachilendo. Amangobwereza mokweza zimene chipani chachikulu chidalonjeza chokha pamene chinkafuna mavoti. Hertzog sadapeke tsankho. Adangofunsa Vorster kuti, ngati tsankho lili loona monga tidaphunzitsira anthu athu zaka makumi awiri, kazembe wakudayu akudzatani? Funso lotere mtsogoleri sangaliyankhe popanda kudzitsutsa. Ndiponso mtsogoleriyo amawafuna. Ndiwo amayenda khomo ndi khomo nthawi ya kampeni, ndiwo sasowa pamsonkhano ngakhale mvula igwe. Kwa akunja amawagwiritsa ntchito ngati chowopsezera: mukandikankha kwambiri ine, adzalowa ndi awa. Pa nyanja ya Malombe tonse timadziwa kuti wokhala kutsogolo kwa bwato ndiye amaoneka, koma wowongola ndi wakumbuyo.

Si Mabunu okha. Iain Macleod, nduna ya atsamunda imene idatulutsa Dr. Banda m'ndende ya Gwelo pa 1 April 1960, adali wa chipani cha Conservative ku Britain, ndipo adani ake oopsa adali a m'chipani chake chomwe. Mu 1961 ena mwa iwo adayambitsa gulu lotchedwa Monday Club, lodana ndi kupereka ufulu msanga kwa maiko a mu Afirika, limene pambuyo pake lidaikira kumbuyo Ian Smith wa ku Rhodesia. Gululo silidalamulirepo chipani, komabe chipanicho chidadikira mpaka 2001 kuti chidule ubale wake nalo. Maufumu adatha, Rhodesia idatha, koma nkhani idangosintha malaya: m'malo mwa atsamunda, mdani adasanduka mlendo wolowa m'dziko.

Ndipo tisamaloze chala kutsidya kokha. Boma la chipani chimodzi kuno kwathu lidali losunga mwambo kwambiri, mpaka lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi aafupi. Nalonso lidali ndi m'mphepete mwake. Anthu a ku Mangochi, amene adalawa mkwiyo wa boma pambuyo pa kuukira kwa Henry Chipembere mu February 1965, safuna kuuzidwa za achinyamata a chipani oima pakhomo la msika kufunsa makadi. A Mboni za Yehova, amene adaletsedwa mu 1967 n'kuthamangitsidwa mwaunyinji mu 1972, adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani amene ankaopedwa koposa, adanyongedwa mu 1977 ndi boma lomwe adalitumikira, koma nkhanza sizidanyongedwe naye. Apayoniya adasunga mfuti zawo mpaka asilikali adawalanda pa Operation Bwezani mu December 1993, riferendamu ya June itapita kale.

Nanga lero? National Party idafa, ndipo mwana wake New National Party adathetsedwa mu 2005. Koma Mine Workers' Union ija idasintha dzina n'kukhala Solidarity, ndipo m'banja lomwelo mudabadwa AfriForum mu 2006. Iwo amati ntchito yawo ndi kuteteza ufulu wa mtundu wochepa, ndipo si onse a m'menemo amene ali okakamira. Komabe mu February 2025 atsogoleri awo adali ku Washington kukadandaula, mwezi womwewo umene Donald Trump adalamula kuti Mabunu azilandiridwa ku America ngati othawa kwawo. Gulu loyamba la anthu 59 lidafika mu May. Freedom Front Plus, imene idameza zotsalira za Conservative Party, idapeza mipando 6 yokha mwa 400 mu 2024, koma Pieter Groenewald adapatsidwa unduna wa ndende. Zaka makumi asanu ndi mphambu zapita chiyambire mkangano wa kazembe wa Malawi, ndipo mzere wake sudaduke.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti machenjerero amenewa alibe khungu. Achimwene anga ali ku Joni, ndipo amene amawaopa si Mbunu ayi. Mu May 2008 anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo. Mu April 2015 boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake ku Durban, ndipo ambiri mwa otsika m'mabasiwo adali a kwathu ku Mangochi. Gulu la Operation Dudula, limene lidayamba ku Soweto mu 2021, silidapate mpando m'nyumba ya malamulo, koma mu 2025 anthu ake ankaima pazipata za zipatala kubweza alendo odwala. Zipani zazikulu, poona kuti nkhaniyi ikukoka anthu, nazo zayamba kuyankhula chinenero chomwecho mofewetsa pang'ono. Achimwene akaimba foni amati, "Iwe limbikira sukulu, kuno usabwere." Ndalama yolipirira sukuluyo imachokera m'thumba mwawo momwemo.

Tsono anzanga a pa Chirunga, ambiri a ife tidzalowa m'zipani, m'maofesi a boma ndi m'nyumba zoulutsira mawu. Tikadzamva kuti kagulu kakuti kagwa pa chisankho, tisadzafulumire kuomba m'manja. Tidzayambe tafunsa kuti mawu ake akutuluka pakamwa pa yani tsopano, ndipo ndani wapatsidwa udindo kuti kagulu kameneko kakhale chete. Funso limeneli tiyenera kulifunsanso kuno kwathu. Mu May 2023 apolisi athu adasonkhanitsa anthu othawa kwawo, ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo, amene ankachita malonda m'matauni, ena n'kuwagoneka ku ndende ya Maula pamodzi ndi ana awo asanawatumize ku Dzaleka. Ambiri a ife tidasangalala kuti masitolo abwerera kwa eni dziko. Sabata yomweyo, amayi a kwa Chowe adali pa mzere wolandira ndalama zochokera ku Joni, zotumizidwa ndi ana awo amene kumeneko nawonso amatchedwa alendo olanda ntchito.