Tambula imodzi ya vinyo ku Cape Town

Mumsewu wa Bree ku Cape Town muli timabala ta vinyo komwe anthu amapita awiriawiri. Patchuthi cha Disembala, titakaona alamu anga, ine ndi mayi a kunyumba tinakhala panja pa kamodzi mwa timabalati, dzuwa likulowa cha m'ma 8 koloko. Tinaitanitsa Pinotage, vinyo wofiira wochokera ku mphesa zomwe anazipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri. Mtengo wake ndi woboola m'thumba la mphunzitsi, koma tambula imodzi imakufikitsa usiku. Nyimbo zimalira chapansipansi, moti tinakambirana za ana ndi nyumba yathu yosamaliza popanda kukuwa.

Kwathu kumudzi bala ndi ya abambo, amayi amatsala pakhomo. Nanga okwatirana azikachezera kuti?