Keke ya Mwana wa M'njala

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo ndagwira ntchito ya uphunzitsi zaka zoposa 20. Mu ofesi yanga ndimasunga mabuku aakulu m'mene mwalembedwa mayina a ana onse, midzi yawo ndi masiku amene anabadwa, pakuti mwana ayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Kale makolo akalephera kutchula zaka za mwana, aphunzitsi ankamuuza mwanayo kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu ndi kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira ankamulemba, akalephera ankamubweza. Masiku ano timafunsa chaka, mwezi ndi tsiku. Tsono tsiku lina ndikutsegula mabuku amenewa ndinagwidwa ndi manyazi, pakuti ndinaona kuti ndimasunga masiku obadwa a ana a eni mazanamazana, koma tsiku lobadwa la amayi anga ondibala sindinali kulidziwa.

Chaka cha njala

Ndinapita kumudzi kwathu ku Lunzu, m'boma la Blantyre, ndipo ndinawapeza amayi ali pamphasa kuseri kwa nyumba. Nditawalonjera ndinati, "Amayi, kodi inu munabadwa liti?" Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, ndani anali ndi mtima wowerenga masiku nthawi imene ija? Ine ndine wa m'njala. Agogo ako ankati ndinabadwa nyengo yokolola, koma chaka chimenecho kunalibe chokolola."

Njala imene ankanenayo ndi ya 1949, pamene dziko lino linkatchedwa Nyasaland, Bwanamkubwa wake ali Sir Geoffrey Colby. Mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo chigawo cha kummwera chinasauka kwambiri, makamaka midzi ya ku Blantyre. Amuna ambiri anachoka kukafuna chakudya ndi ntchito kutali, ndipo ena sanabwerenso. Akazi anatsala ndi ana, nadya madeya, mizu ya kutchire ndi zitsa za nthochi. Boma linagulitsa chimanga, ndipo pambuyo pake linatsegula malo odyetserako anthu ofooka, koma kuchiyambi kwa 1950 ambiri anamwalira, makamaka okalamba ndi ana aang'ono. Khanda lobadwa m'chaka chotere silinali loyembekezeka kukula. Amayi anga anakula.

M'chaka cha 2017, pamene anthu onse ankalembetsa chiphaso cha unzika, amayi anatchula chaka cha njalacho, ndipo mlembi anawaikira tsiku loyamba la Januwale kuti mzere usakhale wopanda kanthu. Koma ife tinadziwa kuti m'Januwale anthu sakolola. Chotero ndinakambirana ndi alongo anga ndi amalume, ndipo tinagwirizana kuti tiwachitire phwando la zaka 75 Loweruka, pa 18 Meyi 2024, kunyumba kwanga kusukulu.

Nzeru za papepala

Mwambo wa keke ndi makandulo pa tsiku lobadwa si wa makolo athu. Unachokera ku Ulaya. Koma adzukulu a amayi anauona kwa anzawo, naumirira kuti agogo awo adule keke. Ndinafunsa mtengo wake m'tauni, ndipo ndinabwerako wopanda mawu. Chaka chimenecho zinthu zinali zitakwera, pakuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba. Ngakhale nzimbe zimalimidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, shuga ankavuta kupeza m'magolosale. Fulawa nayenso ndi wokwera mtengo masiku onse, chifukwa tirigu timalima pang'ono chabe kumapiri monga a Neno ndi Tsangano, ndipo wambiri amachokera kunja.

Pamenepo ndinati ndiphika ndekha. Akazi anga anandiyang'ana nati, "Bambo, inu simunaphikepo ngakhale chigumu. Bwanji osafunsa amayi pankhani ya moto?" Ine ndinayankha monyada kuti munthu wodziwa kuwerenga angathe kuchita chilichonse cholembedwa, ndiponso si bwino kuti mwini phwando agwire ntchito. Mwana wanga wamkazi anandipezera malangizo pa foni, ndipo ndinawakopera m'kope mwaukhondo monga ndimachitira pokonza phunziro.

Malangizowo anali osavuta. Majarini, shuga ndi fulawa zikhale zolemera mofanana, magalamu 250 chilichonse, mazira 4, timasipuni 2 ta baking powder, ndi mkaka pang'ono. Ndinagula zokwanira makeke awiri, yaing'ono yoyesera ndi yaikulu ya phwando, ndipo ndalama zinathera pomwepo. Chimodzi chokha sindinachilabadire. Pepala linati keke iphikidwe mu uvuni wotentha madigiri 180, koma m'nyumba mwanga mulibe uvuni. Muli mbaula ya makala.

Safunsa anadya phula

Lachinayi madzulo, amayi atafika kale kudzakhala nafe, ndinadikira kuti alowe m'nyumba, ndipo ndinayamba ntchito m'khitchini. Ndinathira zonse pamodzi m'beseni, ndinatakasa ndi mthiko mwamphamvu monga mophika nsima, ndinathira m'sefuliya, ndi kuiteleka pa makala oyaka lawilawi. Pa mphindi zisanu zilizonse ndinkavundukula kuti ndione m'mene zikuyendera. Posakhalitsa fungo la kupserera linadzaza bwalo lonse. Nditaphula ndinapeza pansi pali bii ngati chikuni, pakati pali phala, ndipo pamwamba pali dzenje.

M'mawa kusanache ndinatenga sefuliya ija mwakachetechete kuti ndikakhuthulire nkhuku. Koma okalamba sagona tulo ta m'mawa. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga akuti, "Aphunzitsi aakulu, mwanyamula chiyani?" Amayi akanditchula choncho ndimadziwa kuti mlandu ulipo. Anasuzumira m'sefuliya, ndipo nkhope yawo inasintha. Anati, "Mazira ndi shuga ukupatsa nkhuku? Iwe sunaione njala. Bwera nazo kuno." Anatenga mpeni, napala mopserera monse, naduladula chotsalacho, nachiumitsa pa chiwaya pamoto wozizira. Ana anamwera tiyi m'mawa umenewo, ndipo sipanatsale ndi nyenyeswa yomwe.

Pamenepo ndinawaululira zonse. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, nati, "Pepala lako lakuuza za ufa, koma silinakuuze za moto. Usiku uno uwerenge iwe, moto ndiyang'anire ine."

Phunziro la mchenga

Lachisanu masana amayi anatuma ana kukatapa mchenga wa kumtsinje wouma bwino. Anauthira m'poto wamkulu wophikira pa misonkhano, kuya kwake ngati zala zitatu zopingasa, navundikira ndi chitsulo chafulati, nauteleka pambaula kuti uyambe kutentha. Anandiuza kuti makala asakhale a malawi, koma amene ayamba kuvala phulusa loyera. Pansi akhale ochepa, ndipo ena aikidwe pamwamba pa chivundikiro. Umo ndi m'mene akhala akuphikira chigumu kuyambira ali mtsikana. Mchenga umalandira ukali wa moto ndi kuugawa pang'onopang'ono mbali zonse, kotero kuti chitini sichikhudza chitsulo chotentha, ndipo poto amasanduka uvuni.

Nthawi iyi ndinawerenga pepala langa modekha, ndipo ndinapeza kuti dzulo lake ndinalumpha mizere yofunika. Miyeso inali yowirikiza kawiri: majarini, shuga ndi fulawa magalamu 500 chilichonse, mazira 8, ndi timasipuni 4 ta baking powder. Poyamba munthu atakase majarini ndi shuga zokha, kufikira zitayera ndi kupepuka. Ntchito imeneyi inanditengera mphindi 20, ndipo dzanja litalema akazi anga anandilandira. Kutakasa kumeneku kumalowetsa timpweya ting'onoting'ono m'kati, ndipo timeneti ndi timene timafufumitsa keke. Kenaka mazira alowe limodzilimodzi, lililonse litakasidwe lisanalowe linzake. Pomaliza fulawa asefedwe pamodzi ndi baking powder, ndipo asakanizidwe mofatsa ndi sipuni, pamodzi ndi mkaka pang'ono. Apa mphamvu sizifunika, pakuti fulawa wa tirigu akatakasidwa kwambiri amakhala wonyunduka, ndipo keke imalimba.

Amayi anafunsa chifukwa chake sitinathire soda monga m'chigumu. Apa mpomwe ine ndinapeza chowaphunzitsa. Soda amafuna chinthu chowawasa, monga chambiko, kuti atulutse mpweya wofufumitsa. Koma baking powder ndi soda yemweyo wosakanizidwa kale ndi chowawasa chouma, ndipo amayamba ntchito akangonyowa ndi kutenthedwa. Amayi anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti sukulu ija sinapite pachabe."

Tinapaka majarini m'chitini, tinawazamo fulawa pang'ono, tinathiramo zosakanizazo kufika pakati ndi kupitirira pang'ono, ndipo tinachikhazika pamchenga. Amayi anavundikira, naika makala pamwamba, nakhala pampando pafupi ndi mbaula ngati mlonda. Patapita mphindi 15 dzanja langa linapita ku chivundikiro. Iwo analimenya ndi mthiko, monga ankachitira ndili mwana, nati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ananena zoona. Keke ikamafufuma, mazira ndi fulawa zimakhala zisanalimbe. Munthu akavundukula, kutentha kumathawa, timpweya tija timafota, ndipo pakati pamagwa. Limenelo ndilo linali dzenje langa la Lachinayi.

Tinakhala chete, amayi akuwonjezera khala limodzilimodzi, ine mtima uli m'mwamba, pakuti ndinadziwa kuti iyi ikalephereka palibe china chogulira. Amayi sankayang'ana wotchi. Ankaika chikhatho pamwamba pa poto ndi kununkhiza. Litatha ola limodzi ndi mphindi 15 anati, "Tsopano tsegula." Ndinalasa pakati ndi mpeni woyera, ndipo unatuluka wouma. Keke inali itakwera mpaka pamlomo pa chitini, yofiirira bwino ngati buledi wa kubekale.

Tsiku la phwando

Loweruka m'mawa, keke itazizira usiku wonse, mwana wanga wamkazi anaipaka shuga wosalala wa ayisingi wosungunula ndi madzi a ndimu. Tinalibe chipangizo cholembera, chotero tinakazinga mtedza watsopano, tinausenda, ndipo tinaundanda pamwamba kupanga zilembo zazikulu ndi manambala. Makandulo 75 sakanakwanapo. Tinaimika imodzi yokha.

Anthu anasonkhana oposa 40. Kunali amalume, alongo anga ndi alamu anga, adzukulu, zidzukulutudzi, ndi amayi a mumpingo. Titadya nsima ya nkhuku ndi mpunga ndi kumwa thobwa, ndinabweretsa keke pa thebulo ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwerenge zolembedwazo. Amayi anakweza dzanja nati, "Khala chete, ndiwerenga ndekha."

Muyenera kudziwa kuti amayi sanapite kusukulu ali mwana. Anayamba sukulu ya kwacha atakalamba, chifukwa anatopa ndi kudinda chala pamene anzawo akusayina. Tsono anawerama, naloza ndi chala chilembo chilichonse, natchula pang'onopang'ono, "A, ma, yi. Amayi." Kenaka anayang'ana manambala nati, "Zaka 75." Bwalo lonse linalira nthungululu. Ine ndamva ana zikwi akuwerenga mawu awo oyamba, koma tsiku limenelo ndinatembenukira kukhoma kuti ana asaone maso anga.

Kandulo anakana kuizima, nati moto sauzima dala pakhomo pali anthu, ndipo anamukweza mdzukulu wamng'ono kuti auzire m'malo mwawo. Asanadule anawerenga anthu onse mmodzimmodzi, nawonjezera atatu amene sanabwere: agogo ena odwala a m'mudzi woyandikana ndi sukulu, mlonda wa pasukulu, ndi mayi wina amene anali chikuta. Pamenepo anatifotokozera chimene sanatiuzepo. Anati m'njala muja agogo athu mkaka unawaumira, ndipo mayi wina woyandikana naye nyumba, amene sanali mbale, ankawagawira kambale ka madeya madzulo alionse kufikira mvula inabweranso. "Popanda kambale kameneko," anatero amayi, "palibe mmodzi wa inu akanakhala pano. Kupatsa n'kuika." Anadula magawo aang'onoang'ono, ndipo aliyense analandira. Iwo anatenga kotsiriza, kochepa koposa onse. Nditawafunsa ngati yakoma anati, "Yakoma ndithu, mwana wanga. Koma chigumu chimakhalitsa m'mimba."

Mawu kwa owerenga

Inu amene mukuwerenga kabuku aka, mwina mwaphunzira zilembo mutakula monga amayi anga. Musadzichepetse pamaso pa ife amene tinapita kusukulu tili ana. Ine ndinali ndi pepala, amayi anali ndi nzeru ya moto, ndipo keke inapsa bwino pamene ziwirizi zinakhalira pamodzi. Kuwerenga kumene mukuphunziraku kwabwera kudzawonjezera pa zimene mukudziwa kale.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Tsopano popeza mukutha kulemba, pezani kope limodzi ndipo mulisunge pamalo ouma. Mulembemo dzina la mwana aliyense wa pakhomo panu, ndi tsiku, mwezi ndi chaka chimene anabadwa, ndipo mukamulembetsenso kuti alandire chiphaso chake cha kubadwa. Okalamba amene ali nanu muwafunse lero zimene akukumbukira za chaka chawo, kaya ndi njala, dzombe, kapena kusefukira kwa madzi, pakuti zimenezi zimathandiza kupeza chaka chenicheni. Usiku wa phwando lija ine ndinatenga kope langa la malangizo a keke, ndinatsegula tsamba latsopano, ndipo ndinawapatsa amayi cholembera. Analemba okha dzina lawo pamwamba, ndi 1949 pambali pake. Pansi pa dzinalo ife tonse tinalemba athu, aliyense monga mwa kubadwa kwake.