Kutsetsereka ku Thabwa: zomwe batani la AUTO limachita dzuwa likamaswa mtengo

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma ndi misewu yochepa m'Malawi muno yomwe imakusinthirani nyengo mwamsanga ngati umenewu. Blantyre ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Chigwa cha Shire chili pansi zedi, malo ambiri osafika ndi mamita 100 omwe. Munthu akatsika mamita 1,000, mpweya umatentherako ndi madigiri pafupifupi 6. Mukawonjezerapo dzuwa la Okutobala, masiku ena kutentha m'chigwamo kumadutsa madigiri 40. Msewu umenewu umayesa galimoto iliyonse: mabuleki potsika, injini pokwera, AC ulendo wonse.

Ine ndinaudutsa pa pikapu ya alamu anga, zija timati twin cab, tikuperekeza agogo kwawo ku Bangula atatuluka m'chipatala. Alamu anali pachiwongolero, ine pambali pawo. Mpando wakumbuyo unali wa agogo, omwe anatambasula mwendo wawo wotupa, ndi mlongo wanga atafukata khanda la miyezi isanu. Mphwanga anakhala kumbuyo kopanda denga kuja, pamodzi ndi matiresi ndi matumba a ufa.

Tisananyamuke n'komwe, agogo anaika lamulo. "Chimphepo chanucho musayatse. Ndangochira kumene, mukufuna ndibwerereko ndi chibayo?" Alamu sanatsutse, paja iwo maso anali pa geji ya dizilo. Tinadutsa pa Mpemba mawindo ali otsekula, nambala ya padashibodi ikuonetsa kuti kunja kuli madigiri 27.

Kenaka msewu unayamba kukhotakhota motsetsereka. Pansi patali tinkaona Shire akunyezimira, akudutsa pakati pa dziko louma lokhala ndi zigamba zobiriwira. Makutu anatsekeka, nambala ija ikungokwera: 30, 33, pofika pa Thabwa 37. Mphepo yolowera pawindo inali ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa. Mwana anayamba kulira, thukuta lili kamukamu.

"Agogo, taonani mwanayu mmene watenthera," anatero mlongo wanga. "Tiyatse pang'ono chabe."

Agogo anamugwira mwanayo pamphumi. "Yatsani. Koma isawombe ine."

Alamu anatseka mawindo, nadina batani lolembedwa AUTO, n'kuika nambala pa 24.

Ambiri timaganiza kuti AC imapanga kuzizira. Ntchito yake yeniyeni ndi kunyamula kutentha kwa mkati n'kukakutaya kunja, monga imachitira firiji. Kumbukirani sipiriti amene anamwino amapaka pamkono asanabaye jekeseni. Pamazizira chifukwa sipiritiyo akamauma amatenga kutentha kwa pakhungu n'kuchoka nako. M'mapaipi a AC muli mankhwala omwe timangoti gasi, ndipo m'mapikapu ambiri oyenda m'misewu yathu ndi wotchedwa R134a. Ameneyu akapanda kupanikizidwa amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, ndiye ngakhale mpweya wozizira wa Juni kwa iye ndi moto.

Gasiyu amangozungulira. Choyamba amalowa mu kompuresa, yomwe imayendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini. Kompuresa imamupanikiza mpaka atenthe kwambiri, monga imatenthera pampu ya njinga mukamapopa tayala. Akatero amapita ku kondensa, chinthu chooneka ngati rediyeta chomwe chimakhala kutsogolo kwa rediyeta yeniyeniyo. Mphepo yakunja ikamadutsa pamenepo imachotsa kutenthako, gasi n'kusanduka madzimadzi. Madzimadziwo amafinyidwa kudutsa pa kabowo kakang'ono, ndipo akangotulukira mbali inayo kupanikizika kumatsika, iwo n'kuzizira zedi. Pomaliza amalowa mu evaporator, kabokosi ka timapaipi kobisika mkati mwa dashibodi. Fani imakankha mpweya wa m'galimoto kudutsa pa kabokosiko, madzimadzi aja amayamwa kutentha kwake n'kusandukanso gasi, ndipo mpweyawo umatulukira kwa inu uli wozizira. Gasi amabwerera ku kompuresa, ulendo n'kuyambiranso.

Titaoloka mlatho wa Kamuzu tinaima pa Dyeratu kuti tigule madzi akumwa. Mphwanga anatsika, nkhope ili mbuu ndi fumbi, n'kusuzumira kunsi. "Alamu, galimotoyi ikudontha!"

Anali madzi wamba. Botolo la chakumwa chozizira limachita thukuta mukaliika patebulo, ndipo evaporator nayo imatero. Chinyezi cha mumpweya chimasanduka madontho pa timapaipi tozizira tija, n'kutsikira pansi kudzera m'kapaipi kake. Madzi oyera opanda fungo odontha kunsi kwa dashibodi AC ikugwira ntchito si vuto. Vuto ndi pamene kapaipiko katsekeka, madzi n'kuyamba kunyowetsa kapeti.

Chomwe chinatidetsa nkhawa ndi mnyamatayo. Ife tinali pa madigiri 24, iye pa chitsulo chomwe sichinkagwirika ndi dzanja, milomo itauma gwa. Ubwino wa pikapu ndi woti imanyamula zambiri, koma AC yake imathera pa galasi lakumbuyo. Agogo anapinda mwendo wawo pang'ono. "Lowa muno iwe, ungatifere panjira." Kuyambira pamenepo tinali asanu ndi khanda.

Nanga batani la AUTO limawonjezera chiyani? Pa galimoto zopanda batanili, dalaivala ndiye amapotokola mabatani: kwazizira kwambiri, achepetse, kwatenthanso, awonjezere. AUTO imapereka ntchito imeneyi kwa kakompyuta kakang'ono. Inu mumangotchula nambala, iko kamafunsa masensa. Ina imayeza mpweya wa mkati, ndipo nthawi zambiri imabisala kuseri kwa timipata ting'onoting'ono pafupi ndi chiwongolero. Ina ili kutsogolo, pafupi ndi bampala, kuyeza kutentha kwa kunja. Ina ndi kadiso kakang'ono pamwamba pa dashibodi, pafupi ndi galasi lakutsogolo, komwe kamayeza mphamvu ya dzuwa. Inanso imalondera evaporator kuti isaundane ndi ayezi, chifukwa ikatero mpweya sudutsa.

Kompyutayo ikamva zonsezi imasankha liwiro la fani, komwe mpweya utulukire, komanso kuchuluka kwa mpweya wotentha woti usakanizidwe ndi wozizira. Inde, wotentha. Mkati mwa dashibodi mulinso karediyeta ka hita komwe mumadutsa madzi otentha a injini, ndipo pakati pake ndi evaporator pali kachitseko koyendetsedwa ndi kamota. Zili ngati kukonzera mwana madzi osamba: muthire otentha, muthire ozizira, mupisemo dzanja, muwonjezerenso. N'chifukwa chake pa Thabwa paja fani inayamba ndi phokoso lalikulu, koma tisanafike pamlatho inali itatsika yokha mpaka kungonong'ona. Mapikapu ena ali ndi tizitseko tiwiri, kotero dalaivala ndi mnzake wapambali aliyense amasankha nambala yake.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe ndimaziona kawirikawiri. Choyamba ndi kutsitsa nambala mpaka 16 poganiza kuti muzizira msanga. M'galimoto mukakhala motentha kwambiri, AC imagwira kale ntchito ndi mphamvu zake zonse kaya mwaika 16 kaya 24. Kusiyana kwake n'koti pa 16 siipuma, ndipo pamapeto pake mumayamba kunjenjemera. Chachiwiri ndi kuyala nsalu, chipewa kapena nyuzipepala padashibodi. Mukaphimba kadiso kaja, kompyuta imayesa kuti kuli mitambo, ndiye imachepetsa mphamvu inu mukupsa.

Nzeru zimenezi si zadzulo. Kampani ya Packard ya ku America inayamba kuika AC m'galimoto zake mu 1939, ndipo mu 1964 Cadillac inatulutsa yoyamba yosunga yokha nambala yomwe dalaivala wasankha. Kalelo ankagwiritsa ntchito gasi wa R12, yemwe anasiyidwa pambuyo pa mgwirizano wa ku Montreal wa 1987 chifukwa ankawononga ozone, mpweya wa m'mlengalenga umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Galimoto zambiri zatsopano tsopano zikubwera ndi wina, R1234yf, ndipo magasiwa sasakanizidwa. Woyenera galimoto yanu amalembedwa pa kachikwangwani mkati mwa boneti.

Kuyandikira Nchalo dziko linasanduka lobiriwira ndi minda ya nzimbe ya Illovo, njinga za kabaza zili piringupiringu m'mbali mwa msewu. Tinapezeka kumbuyo kwa chilole chotulutsa utsi wakuda, koma mkati simunalowe fungo. Panali poyaka kanyali pa batani lija lokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi muvi wokhota mkati mwake. Limeneli limatseka khomo la mpweya wakunja, AC n'kumaziziritsa womwe uli kale mkati. Ntchito imapepuka, fumbi ndi utsi zimatsala kunja. Koma anthu asanu mukamapumirana mpweya womwewo kwa nthawi yaitali mumayamba kulemedwa m'mutu, ndipo dalaivala amatha kuodzera. Titalidutsa lolelo, alamu analizimitsa kwa mphindi zingapo kuti mulowe mpweya watsopano.

Za dizilo alamu sankanama. Kompuresa imabwereka mphamvu ku injini, ndiye mafuta amapita ochulukirapo, makamaka poyenda pang'onopang'ono m'tauni kapena poima injini ikulira. Pa liwiro lalikulu kusiyanako kumachepa, chifukwa mawindo otsekula nawo amakoka galimoto m'mbuyo. Njira yosavuta yopulumutsira mafuta ndi kuimika pamthunzi, ndipo ngati yakhala padzuwa, kutsekula zitseko kapena kuyenda kamtunda mawindo ali pansi kuti chifundizi chituluke musanayatse AC. Pokwera zitunda ngati za Thabwa mutasenza katundu, mukamva mpweya wafunda kwakanthawi musadabwe, chifukwa galimoto zambiri zimazimitsa kompuresa zokha injini ikalemedwa. Mukaona geji ya kutentha kwa injini ikukwera, zimitsani AC nokha.

Pa Ngabu, kwawo kwa thonje ndi ng'ombe, tinaimanso kuti tidye. Mwana anali atagona tulo tofa nato mumphepo yabwino ija, ndipo zinali zomvetsa chisoni kumudzutsa. Komabe anatsika nafe, ali kumsana kwa mayi ake. Injini ikangozima, kompuresa nayo yaima, ndipo galimoto yotseka imasanduka uvuni. Padzuwa, kutentha kwa mkati kumatha kukwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo kusiya kampata pawindo sikuthandiza kwenikweni. Thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Mwana, nkhalamba kapena wodwala asatsale m'galimoto yotseka, ngakhale mukuti mukungogula mayunitsi.

Nkhawa ya agogo nayo inali ndi pake. Chibayo chimayamba ndi tizilombo, osati mpweya wozizira. Koma mpweya wa AC ndi wouma, ndipo ukamawomba kumaso kwa maola umaumitsa kukhosi ndi m'maso. Komanso sefa ya mpweya wa mkati, yomwe m'mapikapu ambiri imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wapambali pa dalaivala, ikadzaza fumbi ndi nkhungu imanunkhitsa galimoto ndi kuyetsemulitsa anthu. M'misewu yafumbi ngati yathuyi imafunika kusinthidwa pafupipafupi. Ife tinaloza timawindo ta mpweya kudenga, agogo n'kufunda chitenje m'mapewa, nkhani inathera pomwepo.

AC ikasiya kuzizira, ambiri timathamangira kokawonjezera gasi. Gasiyu sapsa ngati dizilo, amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa kwambiri ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo makaniko wabwino amayamba wafufuza pobookapo asanathire wina. Nthawi zina vuto silikhala gasi n'komwe, koma kondensa yomwe yatsekeka ndi matope, udzu ndi tizilombo, kapena fani yomwe yafa. Ndi bwinonso kuiyatsa kwa mphindi zingapo ngakhale m'miyezi yozizira, chifukwa oyilo wa kompuresa amayenda limodzi ndi gasi n'kumafewetsa timalabala totseka mapaipi. Tsiku la chiperoni, magalasi akachita nthunzi mkati, AC yomweyo ndiyo imawayeretsa msanga poumitsa mpweya.

Tinafika ku Bangula dzuwa litapendeka, nambala ya kunja ili pa 40. Milambe inali chiimire yopanda masamba, mbuzi zitaunjikana m'mithunzi ya nyumba. Titatsekula zitseko, kutentha kunatilandira ngati khoma. Agogo anatsika pang'onopang'ono atagwira mkono wa alamu, anakhala pamkeka pakhonde, n'kuitanitsa madzi a mumtsuko, womwe nawo umazizira chifukwa cha madzi ouma pakhungu lake ladothi. Atamwa anayang'ana pikapu ija, kenaka alamu.

"Bambo, tsiku la sikelo yanga likakwana mudzabwere ndi yomweyi. Ndipo mnyamatayu asadzakhalenso kunja."