Moyo Wosatha wa M'masewera a pa Kompyuta: Kodi ndi Cinyengo?

Anzanga acinyamata, ena a inu mukudziwa kuti ndikapeza mpata madzulo, magetsi alipo, ndimakonda kupanga timapulogalamu tochedwa trainer. Trainer ndi kapulogalamu kamene kamayenda pambali pa sewero la pa kompyuta, ndipo mukadina batani limodzi kamapatsa msilikali wanu moyo wosatha, zipolopolo zosatha kapena ndalama zodzaza thumba. Ndikapanga ndimagawirako anzanga kwaulere. Makolo ndi acinyamata omwe amandifunsa kawirikawiri kuti: "Kodi mtsogoleri wa acinyamata angamaphunzitse ana a eni kubera?" Funsoli ndi loyenera, ndipo ndifuna kuliyankha mokwanira, pakuti ambiri a inu mumapatsana mafayilo otere pa fulashi osadziwa cimene mwanyamula.

Kumene zinacokera

Mwambo umenewu ndi wakale kuposa ambiri a ife. M'caka ca 1982 kunatuluka makompyuta ang'onoang'ono a m'nyumba awiri, ZX Spectrum ku Britain ndi Commodore 64 ku America. Makompyutawa anali ndi lamulo lochedwa POKE, limene nchito yake inali kulemba nambala pamalo amene mwasankha m'memori. Magazini a ku Britain monga Crash ndi Your Sinclair ankasindikiza manambala otere, ndipo mwana ankawakopera pa kompyuta yake kuti apeze miyoyo yosatha. Magulu amene ankathyola maloko a masewera ndi kuwafalitsa mozemba nawonso ankaika kamndandanda kumayambiriro kwa sewero, kofunsa ngati mufuna moyo wosatha kapena nthawi yosatha. Ankati zimenezi n'zoti munthu aphunzirirepo sewero, ndipo dzina lakuti trainer linacokera pamenepo. Mpaka lero mukaona palembedwa +5, dziwani kuti trainer imeneyo isintha zinthu 5.

Opanga masewera eni ake nawonso amaika njira zacidule. Kazuhisa Hashimoto, wa kampani ya Konami ku Japan, pokonza sewero la Gradius kuti lizisewereka pa makina a m'nyumba m'caka ca 1986, anaona kuti ndi lovuta kuliyesa mpaka kumapeto. Anaikamo mndandanda wa mabatani wompatsa zida zonse, ndipo mndandandawo unatsalamo. Womwewo ndi umene umapereka miyoyo 30 mu Contra. Inu amene munakula ndi GTA San Andreas, sewero la 2004, mukumbukira liwu lakuti HESOYAM limene limabwezera moyo ndi kupereka madola 250,000. Kusiyana kwake n'kwakuti njira izi anaziikamo ndi eni sewero, pamene trainer imapangidwa ndi munthu wakunja ngati ine.

Nkhaniyi inafikanso ku khoti. Kampani ya Galoob inkagulitsa ku America kacipangizo kochedwa Game Genie, kopangidwa ndi a Codemasters, kamene kankalumikizidwa pakati pa kaseti ya sewero ndi makina a Nintendo. A Nintendo sanakondwe nako, koma m'caka ca 1992 khoti la apilo linagamula kuti kacipangizoka sikapanga sewero latsopano, ndipo munthu wokagwiritsa nchito kunyumba pa sewero limene anagula sakulanda ca mwini.

Mmene nchitoyi imayendera

Taganizirani za tumabokosi ta makalata ta ku positi ofesi. Kalikonse kali ndi nambala yake, ndipo mkati muli kanthu. Memori ya kompyuta ili cimodzimodzi, kungoti tumabokosi take tilipo mabiliyoni. Sewero likamayenda, moyo wa msilikali wanu ndi nambala cabe imene yasungidwa m'kabokosi kena. Nchito ya wopanga trainer ndi kupeza keyala ya kabokosiko.

Cida cimene ambiri timagwiritsa nchito ndi Cheat Engine, cimene Eric Heijnen anayamba kupanga m'caka ca 2000 ndipo cimapezeka kwaulere. Tinene kuti msilikali ali ndi moyo 100. Ndimauza cidaco kuti cifufuze tumabokosi tonse tokhala ndi 100, ndipo cimabweretsa zikwizikwi. Ndimabwerera m'sewero, ndilola mdani andimenye, moyo utsike kufika 85. Kenaka ndimafunsa kuti mwa zikwi zija, ndi tuti tsopano tili ndi 85. Totsala timakhala tocepa. Ndikabwereza kawiri kapena katatu, katsala kamodzi. Ndikalembamo 999, msilikali wacira pompo. Ndikakakhomerera kuti nambala isasinthe, ndiye kuti safanso.

Cimene cimathetsa nzeru oyamba kumene ndi ici: mukazimitsa sewero ndi kuliyatsanso mawa, keyala ija yasintha, cifukwa masewera a masiku ano amapempha malo atsopano m'memori nthawi iliyonse. Tsono pafunika kupeza kabokosi kena kosasuntha, kamene kamasunga keyala ya kabokosi kosunthako. Akatswiri amakachula kuti pointer. Nthawi zina pointer imaloza kwa inzake, inzakeyo kwa inanso, mpaka kanayi kapena kasanu, monga mmene mungafunsire njira pamudzi wacilendo, uyu n'kukutumizani kwa uje. Njira ina ndi kupeza lamulo lenileni m'pulogalamu limene limacotsa moyo, ndi kulisintha ndi lamulo losacita kanthu lochedwa NOP. Apa pali msampha. M'masewera ambiri lamulo lomwelo ndi limene limacotsanso moyo wa adani, conco mukalifafaniza mosaganiza, adani onse asanduka osafa pamodzi ndi inu. Muyenera kupeza cizindikiro cosiyanitsa inu ndi iwo. Nchito yotere yandidyerapo masabata awiri pa sewero limodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene nchitoyi yandipatsa

Ku koleji tinaphunzira kuti byte imodzi imasunga manambala kuyambira 0 mpaka 255, ndi kuti 255 amalembedwa FF m'kawerengedwe ka 16. Ndinalemba m'kope ndi kukhoza mayeso. Koma ndinazigwira ndi manja tsiku limene ndinaona nambala ya ndalama m'sewero ikufika 2,147,483,647, imene ndi malire a mabyte 4, ndipo powonjezapo 1 yokha wolemera uja anasanduka wangongole. Mapointer, amene anzanga ambiri m'kalasi ankawaopa ngati njoka, ine ndinawazolowera posaka moyo wa tiasilikali ta m'masewera. Luso lofufuza pulogalamu imene simunailembe ndinu ndi lomwelo limene amagwiritsa nchito anthu oteteza makompyuta a mabanki ndi ofufuza mavairasi.

Phindu lina ndinaliona mwa mnyamata wa m'gulu lathu amene dzanja lake lamanja lili lofooka cifukwa ca ngozi ya ali mwana. Anzake ankakambirana za mapeto a sewero lina la nkhondo, iye ali cete, popeza sankatha kudina mabatani mwaliwiro lofunika pa gawo lacitatu. Ndinam'pangira trainer yocepetsa liwiro la sewero ndi theka ndi kucepetsa mphamvu ya zipolopolo za adani. Sanafune moyo wosatha. Anati afuna kumenya yekha nkhondoyo. Anaimenya, anafika kumapeto, ndipo tsopano akalowa m'makambirano aja amatsutsa anzake mwamphamvu. Palibe amene analandidwa kanthu pamenepo.

Komabe ndikucenjezeni kuti moyo wosatha umatha kukoma msanga. Ndaona ambiri akuyatsa zonse pa tsiku loyamba, ndipo pofika tsiku lacitatu sewero alitaya, ati n'lotopetsa. Cokondweretsa m'sewero ndi kugwa ndi kudzukanso mpaka mutapambana. Ndiye cifukwa cake ndimalangiza kuti muyambe mwalimaliza mwa mphamvu zanu, trainer ibwere pambuyo pofuna kuyendera malo amene simunafikeko.

Pamene pali malire

Tsopano tibwere ku funso la cinyengo. Kuti pakhale cinyengo payenera kukhala munthu wonyengedwa. Mukakhala nokha m'cipinda, kumenyana ndi adani oyendetsedwa ndi kompyuta, inu ndinu mwasankha malamulo ndipo mukudziwa cimene mwacita. Zili ngati mwana woponya mpira kukhoma, amene wasankha kuima pafupi. Koma pamene tsidya linalo kuli munthu wamoyo amene akukhulupirira kuti mukupikisana mofanana, kusintha manambala mobisa ndi bodza, ngakhale pakamwa panu pasatuluke liwu.

Caka cina gulu lathu linakonza mpikisano wa sewero la mpira pa laputopu yanga, mphotho yake inali jezi. Mnyamata wina wocenjera anabwera kwa ine mwakacetecete nati: "Akulu, mungowonjezerako liwiro la osewera anga pang'ono cabe, palibe adzadziwa." Ndinakana. Anati nanga bwanji uja wa dzanja ndinam'thandiza. Ndinam'yankha kuti uja ankamenyana ndi makina, ndipo anauza aliyense zimene akugwiritsa nchito, pamene iye afuna kutenga jezi m'manja mwa mnzake amene wakhala akuyeserera mwezi wonse. Mau akuti "palibe adzadziwa" ndiwo anaulula zonse. Ngati cinthu cifunika kubisidwa kwa amene mukusewera naye, cikumbumtima canu cakuuzani kale dzina lake.

Pa intaneti nkhaniyi ndi yaikulu ndipo ili ndi zilango. Kampani ya Valve inayambitsa njira yogwira obera, yochedwa VAC, m'caka ca 2002, ndipo wogwidwa amaletsedwa kwamuyaya kusewera sewerolo pa maseva otetezedwa. M'caka ca 2017 khoti la ku America linalamula kampani ya ku Germany ya Bossland kulipira a Blizzard madola oposa 8 miliyoni cifukwa cogulitsa mapulogalamu obera, ndipo caka comweco a Epic Games anasumira mwana wa zaka 14 pa nkhani ya kubera mu Fortnite. Mu 2021 apolisi a ku Kunshan ku China, mothandizana ndi a Tencent, anagwira gulu limene linapeza madola pafupifupi 76 miliyoni pa malonda omwewa. Mu 2024 a Activision anapatsidwa cigamulo ca madola oposa 14 miliyoni motsutsana ndi a EngineOwning. Ine sindipanga kanthu ka masewera a pa intaneti, ngakhale munthu andilonjeze ndalama. Sindithyolanso maloko a masewera kapena kugawa sewero lenilenilo, pakuti kumeneko ndi kutenga thukuta la anthu ena.

Cikomekome ca mkuyu

Ngozi imene ili pafupi kwambiri ndi inu ndi ya fayilo imene mumalandira. Trainer imagwira nchito polowa m'memori ya pulogalamu ina ndi kulembamo, ndipo vairasi imacitanso cimodzimodzi. N'cifukwa cake pulogalamu yoteteza kompyuta nthawi zambiri imakuwa ngakhale trainer ili yabwino. Akuba akudziwa zimenezi. Amaika vidiyo pa YouTube yolonjeza ndalama zosatha, n'kulemba kuti muyambe mwazimitsa citetezo ca kompyuta yanu musanatsegule fayilo. Mukatero mwatsegulira mbala citseko ndi manja anu. Pulogalamu yobisikayo imakopera mau acinsinsi onse osungidwa m'kompyuta, a Facebook, a imelo, ngakhale a ku banki ngati alimo. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Wolonjeza ndalama zosatha m'sewero la pa intaneti ndiye muyenera kumukayikira koposa, cifukwa ndalama zotere zimasungidwa pa seva ya kampani, kumene trainer ya pa kompyuta yanu singafike.

Pa cifukwa cimeneci ine ndimagawa nchito yanga monga tebulo ya Cheat Engine, fayilo yothera ndi .CT, imene munthu angaitsegule mu Notepad ndi kuwerenga zonse zili mkatimo. Ndimalemba dzina la sewero, mtundu wake, ndi cimene batani lililonse licita. Ndimauzanso wolandira kuti ayambe wakopera pambali fayilo yosunga pamene wafika m'sewero, popeza nambala yolakwika ingaononge ulendo wa miyezi itatu. Mnzanu akalandira fayilo kwa inu, wakukhulupirirani ndi kompyuta yake, imene mwina ndi yokhayo pabanja ndipo muli maphunziro a mkulu wake ndi zithunzi za ukwati wa makolo. Musapatse munthu fayilo imene simudziwa kumene inacokera. Ngati mwalandira pulogalamu yokayikitsa, itumizeni ku VirusTotal, kumene imayesedwa kwaulere ndi mapulogalamu oteteza ambirimbiri. Ndipo pa kompyuta ya ku ofesi ya mpingo, ya ku sukulu kapena ya nchito ya atate, zinthuzi zisafikeko konse.

Kwa inu ofuna kuyamba

Ngati mtima wanu wakopeka, yambani ndi maphunziro amene amabwera pamodzi ndi Cheat Engine. Amakutengani pang'onopang'ono, kuyambira pa kufufuza nambala imodzi, kudutsa pa mapointer, mpaka pa vuto lija la lamulo logwira inu ndi adani pamodzi. Tsekani masewera onse a pa intaneti musanatsegule cidaci, cifukwa ena amalanga munthu pongociona cikuyenda. Khalani ndi kope lolembamo makeyala ndi zimene mwayesa. Asungwana, nchitoyi si ya anyamata okha. Wodekha ndi wokonda masamu aliyense angaikwanitse.

Musanadine batani la trainer iliyonse, dzifunseni ngati tsidya linalo kuli munthu, ngati mungathe kumuuza poyera zimene mwayatsa, ndi ngati mukudziwa amene anapanga fayiloyo. Mukapanga trainer yanu yoyamba, ibweretseni ku gulu, muonetse anzanu mmene munapezera keyala, ndipo muphunzitseko mmodzi wocepa kwa inu.