Kwa Mwana Wanga Wopita Kukaphunzira Kukonza Makina a Chipatala

Chilomoni,
Blantyre.

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti wafika bwino ku Mzuzu ndipo wapeza pogona pabwino. Kuno tonse tili bwino. Mayi ako ndi alongo ako akupereka moni. Ndasankha kulemba pa pepala chifukwa zolankhula pa foni sizichedwa kuiwalika, pomwe kalata ungathe kuibwereza tsiku lina zinthu zikakuthina.

Wachoka pakhomo pano ndi maphunziro amene ine sindinawafike. Ku Poly, komwe kuyambira 2021 mukuti MUBAS, akuphunzitsa masamu ndi kayendedwe ka makina a chipatala, ndipo anzako ena aphunzira zomwezo ku MUST ku Thyolo. Zimenezi zimandinyaditsa. Komabe umisiri weniweni uupeza m'miyezi ikubwerayi, pamene uziima tsiku ndi tsiku pambali pa munthu wodziwa ntchito. Ine za magetsi ndinaphunzira ku Soche Technical College, TEVETA isanakhazikitsidwe, paja inadza mu 1999. Tinkakhala miyezi ina m'kalasi, miyezi ina ku kampani pansi pa kapitawo, kenako n'kulemba mayeso a trade test kuyambira giredi 3 mpaka giredi 1. Masiku ano olemba anthu ntchito amapereka ku TEVETA gawo limodzi mwa magawo 100 a malipiro a antchito awo kuti achinyamata aphunzire m'njira yomweyi. Chifukwa chake n'chakuti nzeru zina sizilembedwa pa bolodi. Kuzindikira kuti mota ikulira mwachilendo, kumva fungo la waya amene wayamba kupsa, kudziwa pomwe bawuti wakwana kuti usamudule, zonsezi munthu amazitola m'manja mwa mnzake.

Choyamba tsono, lemekeza amisiri amene wawapeza ku PAM, nthambi ya Unduna wa Zaumoyo yosamalira makina ndi nyumba za zipatala. Ena mwa iwo alibe pepala ngati lako, koma makina a pamalopo amawadziwa limodzilimodzi, ndi matenda ake omwe. Usakawawerengere za m'buku pamene akukuonetsa ntchito. Nyamula bokosi la zida, sesa mu wekishopu, ndipo maso ako akhale pa zala zawo. Pomwe sunamvetse funsa, paja safunsa anadya phula. Pomwe ukuona kuti buku likunena zosiyana ndi zomwe akuchita, dikira mukhale awiri, ufunse mwaulemu chifukwa chake. Nthawi zina udzapeza kuti mkuluyo ali ndi chifukwa chomveka, nthawi zina iyeyo ndiye adzaphunzira kwa iwe, ndipo palibe adzachite manyazi. Gula kope lachikuto cholimba, uzilembamo makina alionse amene wakhudza: dzina lake, chomwe chinavuta, chomwe munachita ndi zomwe munapeza poyesa. Pakutha pa chaka kopelo lidzakuthandiza kuposa manotsi a kusukulu.

Poti ndiwe mtsikana, ena adzafuna kukusandutsa wophika tiyi wa mu wekishopu. Tiyi phika tsiku lako likakwana monga wina aliyense, koma makina akamatsegulidwa uzikhala pomwepo, sikuludiraiva ili m'manja. Wina akayamba kukuuza kuti adzakulembera lipoti labwino ukamuchitira zakutizakuti, usabise. Kauze akuluakulu a pamalopo ndi aphunzitsi ako, ndipo ine undiimbire tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndicho chachikulu pa zonse. Ine ndikugwira ntchito ku mafakitale a ku Makata, mota ikaima chinkachedwa ndi katundu basi. Makina ako akaima, kapena akamagwira ntchito mwachinyengo, amene amavutika ndi munthu amene sangathe n'kudandaula komwe. Mayi ako, amene unamwino wawo anaugwirira pakati pa ana akhanda, sasiya kukamba za makina a Pumani. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala ndi mapapo osakhwima, ndipo timatumba ta m'mapapomo timafota akangotulutsa mpweya. Makina othandiza ana otere ankagulidwa madola masauzande angapo. Ophunzira ndi aphunzitsi a pa Rice University ku Houston, mothandizana ndi madokotala a ana a ku chipatala cha Queens kuno monga Prof. Elizabeth Molyneux ndi Dr. Kondwani Kawaza, anabwera ndi makina otchipa a Pumani aja, omwe poyamba ankayendera timapampu topopera mpweya m'magalasi owetera nsomba. Atawayesa ku Queens mu 2012, anapeza kuti ana 71 mwa 100 alionse oikidwa pa makinawo ankapulumuka, pomwe mwa opatsidwa okosijeni wamba ankapulumuka 44 okha. Kenaka makinawa anafalikira m'zipatala za m'maboma, ndipo ntchito ya NEST360, yomwe inayamba mu 2019, imaphunzitsa anamwino ndi amisiri omwe kasamalidwe ka zipangizo za ana akhanda.

Taona pomwe pagona moyo wa mwana wotere: pa kapampu, pa timapaipi tolowa m'mphuno, ndi pa botolo la madzi lomwe kuya kwa madzi ake kumalamula mphamvu ya mpweya. Paipi ikabooka kapena mphira wa mu pampu ukatha, thandizo lonse lija latha. Dokotala ali ndi nzeru zake, namwino ali ndi maso ake, koma mphirawo ndi wako.

Makina amene azima saopsa kwambiri, chifukwa aliyense amaona n'kuthamanga kukakuitana. Oopsa ndi amene akulira bwinobwino koma osachita chomwe anapangidwira. Izi ukuzidziwa kuposa ine, koma ndizibwerezabe. Mpweya umene timapumawu uli ndi okosijeni magawo 21 okha mwa 100. Concentrator imakoka mpweyawo n'kuudutsitsa m'timiyala ta zeolite tomwe timagwira nayitirojeni, kuti wodwala alandire okosijeni wopitirira magawo 90. Fumbi likatseka sefa, kapena chinyezi chikaononga timiyalato, makina amalirabe, kampira ka pa geji kamakwerabe, wodwala amamva kamphepo m'mphuno, chonsecho okosijeni watsika. Akafika pansi pa magawo 82, makinawo sayeneranso kudaliridwa, ndipo chimene chingakuuze zoona ndi chida choyezera okosijeni chokha, osati khutu lako. N'chimodzimodzi nyale zothandiza ana a chikasu: zimayakabe mphamvu yake itatha kalekale. N'chimodzimodzinso autoclave: ikapanda kufika madigiri 121 kwa nthawi yokwanira, zida za ku fiyeta zimatuluka zotentha koma majeremusi ali moyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake ndikukupempha chinthu chimodzi chomwe usadzachisiye ngakhale utakalamba pa ntchitoyi: usadzanene kuti makina ali bwino usanawayese ndi chida choyenera, ndipo usadzasaine pepala la ntchito imene sunaione ndi maso ako. Adzakufulumizitsa. Adzakuuza kuti odwala akudikira, kuti bwana akufuna lipoti lero. Yankha mofatsa kuti sunamalize. Ngati walephera kukonza, nena poyera, umate chikwangwani choti makinawo asagwiritsidwe ntchito, uitane wokuposa. Mmisiri wonena kuti "apa pandikanika" amapulumutsa anthu ambiri kuposa wongolumikiza mawaya kuti nyale iyake.

Ukukumbukira Januwale wa 2021, pamene Covid-19 inatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Masiku amenewo Mmalawi aliyense anadziwa kuti okosijeni ndi mankhwala, ndiponso kuti amatha. Makina opanga okosijeni amene anaikidwa ku Queens mu 2020 mothandizidwa ndi Malawi-Liverpool-Wellcome anathandiza anthu ambiri, koma nawonso amadalira munthu woyang'ana kompuresa, wosintha masefa ndi woyeza mpweya wotuluka. Ntchito imene wasankhayi ndi imeneyo.

Chachitatu, usadikire kuti makina afe. Pafupifupi chipatala chilichonse chili ndi chipinda chounjikamo makina oonongeka, ambiri a iwo ochita kupatsidwa ndi akufuna kwabwino. Mu 2011 akatswiri a pa Duke University ku America anaunika zipangizo zoposa 100,000 m'maiko osauka 16, ndipo anapeza kuti pafupifupi 4 mwa 10 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zambiri zotere sizifa ndi matenda aakulu ayi. Pena ndi fyuzi, pena batire, pena chingwe choduka, pena munthu sanaphunzitsidwe kagwiritsidwe kake. Makina ochokera ku America amapangidwira magetsi a mavoti 110 kapena 120, pomwe athu kuno ndi 230. Kungowalumikiza ku soketi osawerenga chizindikiro cha kumbuyo, apsa tsiku lomwelo. Choncho chilichonse chatsopano chikafika, yamba ndi kuwerenga chizindikirocho ndi buku lake, ndipo bukulo ulisunge pamalo amene wobwera pambuyo pako adzalipeze.

Magetsi athu ukuwadziwa. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mu mdima wosinthanasinthana kwa miyezi yambiri. Magetsi akamazimazima chonchi, chimene chimapha makina kawirikawiri ndi mphamvu imene amabwerera nayo. Uzionetsetsa kuti zotetezera makina zilipo, mabatire akusunga moto, ndipo jenereta imayesedwa nthawi ya mtendere, osati usiku umene ku fiyeta kuli munthu pa tebulo. Uzizungulira m'mawodi ngakhale palibe wakuitana. Kutsuka sefa ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma kuitanitsa kompuresa kunja kumadya miyezi ndi ndalama zakunja zomwe dziko lathu limasowa.

Chachinayi, dzisamale wekha. Makina ena, monga odzutsira mtima ndi a X-ray, amasunga moto woti n'kupha munthu ngakhale atazulidwa ku khoma. Usakhudze usanayeze ndi multimeter. Pafupi ndi okosijeni pasafike girizi, mafuta kapena moto, ndipo silinda izikhala yomangirira kuti isagwe. Makina okoka magazi ndi mafinya uziwayesa odwala nawonso: vala magolovesi, uwatsuke ndi mankhwala usanawatsegule, usambe m'manja usanadye. Funsa za katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B, umalize jakisoni zake zonse.

Chachisanu, khala bwino ndi anamwino. Iwo ndiwo amagona ndi makinawo usiku wonse, ndipo amadziwa pamene anayambira kuvuta. Ukafika mu wodi pereka moni, umve kaye zomwe akunena, ndipo ukapeza kuti vuto linali kagwiritsidwe, aonetse mwaulemu popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa odwala. Namwino amene wamunyoza sadzakuitananso msanga, ndipo wolipira mkanganowo adzakhala wodwala. Zomwe waona ndi kumva m'mawodi zizitsala komweko. Usajambule wodwala ndi foni, ndipo usakambe za matenda a munthu mu minibasi kapena pa Facebook.

Pa nkhani ya katundu wa boma ndinene mosapsatira. Udzasunga makiyi a chipinda chokhala ndi mabatire, mawaya a kopa ndi zida zodula, ndipo ofuna kugula zotere pamtengo wozizira sasowa. Wina adzakuuza kuti makinawa anafa kale, palibe angadziwe. Usatenge ngakhale kabawuti. Ngati mwachotsa chitsulo pa makina akufa kuti mudzutse ena, zilembedwe ndipo wamkulu wako asaine. Wogulitsa katundu akakupatsa kangachepe kuti uvomereze chinthu chosayenera, kana. Dzina la mmisiri limayenda mofulumira kuposa iye mwini, ndipo likada silichapika.

Za pakhomo ndi izi. Ndalama ya wophunzira ntchito ndi yochepa, choncho yamba walipira nyumba ndi kugula ufa, zina pambuyo. Katapila umupewe. Ku Mzuzu kumazizira ndipo mvula siichedwa, juzi imene mayi ako anakuikira m'chikwama uzivala. Phunzira Chitumbuka, ngakhale cha moni ndi chofunsira njira, chifukwa anthu amatsegula mtima kwa mlendo woyesa chilankhulo chawo. Peza mpingo, udziwike kwa akuluakulu ake, ndipo anzako uwasankhe poona zochita zawo. Lamulungu lililonse madzulo uziwaimbira mayi ako, ngakhale palibe nkhani.

Ukamaliza maphunzirowa padzabwera wina wamng'ono kudzaima pambali pako. Udzamuphunzitse zonse osabisako kanthu, chifukwa zipatala za dziko lino n'zambiri ndipo amisiri ake ndi ochepa. Pakadali pano gwira ntchito modzichepetsa, yesa chilichonse usanachibweze ku wodi, ndipo ukalandira kalatayi utiyankhe kuti tidziwe mmene akulandirira. Mulungu akusunge.

Ndatha ine,
Bambo ako.