Maso a Nkhuku

Magetsi anazima dzuwa litangolowa, monga ankachitira pafupifupi tsiku lililonse mu 2024, madzi atachepa ku Kariba. Ana a pakomboni pathu ku Lusaka sanasiye mpira wawo, popeza kachisisira kanali kakadalipo. Koma mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 11 amene anabwera kudzacheza pa holide kuchokera ku Vubwi, anangoima chilili pakati pa bwalo, manja atatambasula. Nditamuitana anatembenukira kumene kunachokera mawu, n'kuyamba kuyenda mokhwekhwereza mapazi mpaka anagunda mbaula imene aliyense ankaiona. Mwayi wake makala anali asanayake.

"Amalume, mwaima pati?" anafunsa. Ndinali pafupi moti ndikanatha kumugwira phewa.

Kuyenda kumeneko ndinakuzindikira, ndipo m'mimba munandizizira. Ndimo ankayendera amalume anga, mlongo wawo wa amayi, kumudzi kwathu kufupi ndi Nyanje, m'dera limene kuyambira 2012 lili m'boma la Sinda. Anthu ankati ali ndi maso a nkhuku, chifukwa nkhuku zikayamba kulowa m'khola nawonso ankalowa m'nyumba. Kudimba ankaweruka dzuwa likadali m'mwamba. Gule wa usiku sankapitako, ndipo pamaliro ankakhala pamalo amodzi mpaka kucha. Atafika zaka za m'ma 40 ankaona ngati munthu wosuzumira m'bango. Ankatha kutola singano imene yagwa kutsogolo kwawo, koma ng'ombe yoima pambali pawo osaiona. Ichi ndicho chinawaonjezera mavuto, chifukwa ena ankati akunamizira kuti athawe khasu. Ena ankati anawalodza pa mlandu wa malire a munda. Ambuya anagulitsa mbuzi zingapo kulipira asing'anga, ndipo pali mayi wina wokalamba amene mpaka imfa yake a kwathu sankamupatsa moni. Inenso ndili mwana ndinkathawa ndikamuona pachitsime.

Mnyamatayo tinayamba naye pakiliniki. Anamupatsa vitamini A, ndipo anachita bwino kutero, chifukwa kuchepa kwa vitamini ameneyu ndiko kumene kawirikawiri kumachititsa ana kusaona usiku. N'chifukwa chake shuga wogulitsa m'dziko muno amaikamo vitamini A kuyambira 1998. Koma patapita miyezi panalibe kusintha. Dokotala wa maso amene tinamupeza pambuyo pake anamuthira mankhwala okulitsa kamwanadiso, n'kuunika m'kati kwa nthawi yaitali. Kenako anandifunsa funso limene palibe anali atatifunsapo: "Kumtundu kwanu alipo wina amene anali chonchi?"

Kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kali ndi timaselo ta mitundu iwiri. Tina timagwira ntchito kukakhala mdima ndiponso timaona za m'mbali, tina timaona mitundu ya zinthu ndi zimene wayang'anitsitsa. Pa matenda otchedwa retinitis pigmentosa, timaselo ta mumdima ndito timayamba kufa, pang'onopang'ono, popanda kuwawa kulikonse. Usiku ndiwo umayamba kutayika, kenako m'mbali, ndipo bango lija limanka lichepa. Amati padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 4,000 ali nawo. Magalasi sathandiza, opaleshoni ya ng'ala siyawo, chifukwa vuto lili m'malangizo amene munthu amabadwa nawo, amene akatswiri amati majini. Mawu amenewa ndinalakwa kuwatchula pafoni kwa amayi. Iwo anamva majini ena aja, a mizimu, ndipo anati, "Si zimene tinkanena zija?"

Dokotalayo anajambula mtundu wathu papepala: ambuya, amalume, amayi, ine, mlongo wanga, mnyamatayo. Anati mmene zikuonekera, ndi mtundu wa matendawa umene umayenda ndi akazi koma umagwira kwambiri amuna. Mayi amaunyamula iye akuona bwinobwino, ndipo mwana wake wamwamuna aliyense ali pakati ndi pakati, kuutenga kapena kuuphonya. Ndinayang'ana pepalalo n'kuona mbumba ya Achewa yeniyeni, mzere wa kuchikazi umene timatsata polowa ufumu ndi pogawa minda. Ine unandiphonya, osati chifukwa cha nzeru kapena pemphero langa. Ndipo mwa mwambo wathu, mwana wa mlongo wanga ndi mlandu wanga.

Usiku umenewo ndinatha mabando a sabata yonse ndikufufuza pafoni. Ndinapeza kuti mbali yaikulu ya zimene zikudziwika za matendawa inayamba ndi mabanja onga lathu, kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali ndi ndalama. Gordon Gund, wabizinesi wa ku America, anasiya kuona mu 1970 chifukwa cha matenda omwewa. Okonda basketball mwina mukumudziwa, ndiye anali mwini timu ya Cleveland Cavaliers pamene inatenga LeBron James mu 2003. Mu 1971 iye ndi mkazi wake anagwirizana ndi banja la Bernard Berman wa ku Baltimore, amene ana ake aakazi awiri anali ndi matendawa, n'kuyambitsa bungwe limene lero limatchedwa Foundation Fighting Blindness. Ntchito yake inali kupempha ndalama kwa anthu n'kuzipereka kwa ofufuza, pa nthawi imene palibe jini ngakhale imodzi ya matendawa imene inkadziwika. Lero majini odziwika amene amaononga retina apitirira 250.

Anthu amenewa anapereka ndalama kwa zaka 30 asanaone chooneka. Mu 2001 ofufuza analengeza kuti agalu obadwa osaona ayamba kuona atawabaya m'diso jini yabwino ya RPE65. Mmodzi wa agaluwo, Lancelot, anafika mpaka kunyumba ya malamulo ku Washington kukaonetsedwa kwa aphungu. Jean Bennett ndi Albert Maguire a ku University of Pennsylvania anapitiriza ntchitoyo pa anthu, ndipo mu Disembala 2017 boma la America linavomereza mankhwala otchedwa Luxturna. Nditawerenga pamenepa ndinadzuka pabedi. Kenako ndinawerenga mtengo wake: madola 850,000 maso awiri. Ngakhale nditaphunzitsa zaka 100 osadya, osalipira lendi, sindingafikepo. Komanso mankhwalawo ndi a jini imodzi chabe ija, ndipo si ya mtundu woyenda ndi akazi. Wa mtundu umenewu kawirikawiri umachokera ku jini ina, RPGR, imene mankhwala ake anayamba kuyesedwa pa anthu ku Oxford mu 2017. Kuti munthu aganiziridwe n'komwe pa kuyesa kotere, ayenera kuyamba wapimidwa magazi kuti jini yake yolakwika idziwike. Wa kwathu palibe amene anapimidwapo.

Ndinakwiya masiku angapo, koma mkwiyo wanga unasowa poima. Ndingamukwiyire Gund chifukwa chofuna kuona? Munthu amasonkha pa chimene chalowa m'nyumba mwake. Nawonso amene amathandiza za maso kuno kwathu ali ndi masamu awo, ndipo ine monga mphunzitsi sindingawatsutse. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ya mphindi zochepa, munthu n'kuona tsiku lotsatira. Ndalama za Luxturna za mwana mmodzi zingatsegule maso a agogo masauzande. Zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete ndi Mwami kufupi ndi Chipata zakhala zikudalira thandizo la anthu akufuna kwabwino kwa zaka zambiri, ndipo ndikanakhala ine wogawa thandizolo, ndikanayambanso ndi ng'ala. Chovuta n'chakuti masamu amenewa akatha, mwana wa mlongo wanga amatsala kunja, ndipo adzatsalanso chaka chamawa.

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi nkhani ya ku Cape Town. Kumeneko bungwe la odwala ndi mabanja awo, Retina South Africa, lakhala likuthandiza ofufuza a pa University of Cape Town, amene kuyambira cha m'ma 1990 akhala akusunga kaundula wa mabanja ndi magazi awo. Atapima anthu akuda pogwiritsa ntchito zipangizo zopangidwa potsata zolakwika za majini zopezeka mwa Azungu, ambiri sanapezeke ndi kanthu, chonsecho akudwala. Zolakwika zawo zinali zina, zimene palibe anali atazilemba. Atafufuza okha anapeza, mwachitsanzo, cholakwika chimodzi mu jini ya MYO7A chimene chimabwerezabwereza m'mabanja a anthu akuda odwala matenda a Usher, ophatikiza kusamva ndi kusaona. Ndiye kuti ngakhale mankhwala atatsika mtengo mawa, akhoza kudzatipeza tisakudziwika kuti tili ndi chiyani.

Ife kusonkha timakudziwa. Pamaliro mbale imazungulira, chilimba sichiphonya mwezi, kutchalitchi timagula malata. Amalume atamwalira, ndalama za bokosi ndi chakudya zinapezeka tsiku limodzi, zoposa zimene zikanawafikitsa kwa dokotala wa maso ali moyo. Sindikunena kuti makobidi athu angamange labotale, ndingakhale ndikukunamizani. Koma kafukufuku wa matenda a kumtundu amayamba ndi chinthu chimene kwathu chilipo chambiri kuposa ku Baltimore: azimayi okalamba amene amadziwa amene anabala yani mpaka mibadwo isanu, ndi amene anakwatiwa kuti. Ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana pabwalo limodzi, mibadwo imene malire anaidula. Mzere wa ambuya anga uli mbali zonse zitatu.

Ndiye ndinagula kope la masamba 96, lomwe lija timauza ana a sukulu kuti agule. Pa holide ya Disembala ndinakhala ndi amayi ndi azakhali ena awiri ku Sinda, ndikulemba. Poyamba ankakana, ankati ndikufukula za manyazi. Tsiku lachiwiri anayamba kukumbutsana okha. Anatulukira mlongo wawo wa ambuya amene ankamutsogolera ndi ndodo, ndi mnyamata wina wa mbumba yomweyo amene anagwera m'chitsime usiku, anthu n'kumati anali ataledzera. Amuna anayi m'mibadwo inayi, onse kudzera mwa amayi awo. Dzina la mayi wokalamba uja amene tinkamuthawa pachitsime silikupezeka paliponse m'mzerewo. Nditanena zimenezi amayi anadzuka kukasonkhezera moto umene unkayaka kale.

Mlongo wanga tinakumana naye pa Katete, iye akuchokera ku Vubwi, ine ndikudikira basi ya ku Lusaka. Ndinamuuza zimene dokotala ananena, kuti mwanayo akhoza kuonabe masana kwa zaka zambiri, kuti azikhala kutsogolo m'kalasi, aziyenda ndi tochi, ndi kuti ndi bwino aphunzire zilembo za Braille maso akadalipo. Ndinatchula Magwero, sukulu ya osaona ya kufupi ndi Chipata, imene amishoni a Dutch Reformed anaiyamba mu 1905.

"Alongo, mwana wanga amaona," anatero. "Mukufuna mukamuike pakati pa akhungu kuti azolowere?"

Ndinalibe yankho labwino. Ndinangoti sitikumutumiza mawa, koma tisadikire mpaka bango litseke. Anakhala chete, akukonza chitenje chimene anaberekera khanda lake la miyezi isanu ndi iwiri, lalimuna.

"Nanga uyu?"

Ndinamuuza kuti ndi pakati ndi pakati, ndipo tidzadziwa akadzayamba kusewera panja madzulo. Kondakitala anali akuitana kale. Anatenga kope lija m'manja mwanga, n'kutsegula tsamba la mzere wathu, n'kuona kuti khandalo sindinalilembe. Anandipempha bolopeni.