Osalipila kompyuta ukalibe kufakamo flash yako

Tili banayi, tonse ba mu Chawama, ndipo tili na ka shop ka typing na printing pafupi na msika. Nchito yatu mumaiziba: kulemba ma CV, kuchita photocopy ma NRC, kutandiza bantu kutenga TPIN ku ZRA, kupulinta ma assignment ya bana ba sukulu. Ndalama yoyambila inachokela mu chilimba. Tinasonka myezi isanu, ndipo siku yamene tinakwela basi kuyenda mu town kukagula kompyuta, tonse tinali kuziba kuti tikaluza iyi ndalama kulibe kwinangu kokatenga.

Tinamvelana kale kuti tizasebenzesa Linux. Aliyense wamene anasebenzako mu internet café aziba vamene ma flash ya makasitoma yamabwelesa, maka-maka ka virus kaja kamene kamasandusa ma folder kunkala ma shortcut. Kaja kanapangiwa kuti kazisebenza pa Windows, pa Linux kamangonkala chabe. Chinangu, Linux ni yaulele, kulibe license yolipila olo yokuba. Tinasanka Linux Mint chifukwa menu yake siivuta kuli muntu wamene anajaila Windows. Inamangiwa pa Ubuntu, yamene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambisa mu 2004.

Pamene tinalakwila ni pa mafunso. Tinangena mu shop inangu pafupi na Cairo Road, tinafunsa chabe vamene aliyense amafunsa: processor ni bwanji, RAM ni ingati. Bamudala bogulisa banatilangiza chi tower chikulu chokala na graphics card. "Ba guy, iyi ni i7, mpamvu yeka-yeka." Tinakondwela. Tinaikilapo ka Wi-Fi ka pa USB na printer ya second hand, ndalama yonse inasila.

Ku shop kwatu, Linux inangena bwino. Koma malemba pa screen yanali yakulu monga ya pa billboard, chifukwa graphics card inali kufuna driver yake. Kuti titenge driver tinafunika intaneti. Ka Wi-Fi nako kanakana, kanali kufuna driver yake, yamene futi ili pa intaneti. Tinankala pansi kuyanganana. Chinatipulumusa ni foni ya Android na ntambo ya charger: ukayasa USB tethering, Linux imaona foni monga network pamene apo. Screen inalungama. Koma printer inatigonjesa. Masabata yabili tinali kulipila rent, makasitoma babwela na ma CV, ise tibatuma ku shop ya bena. Umozi wa ise anakalipa, ati tifakemo chabe Windows yokuba monga bonse. Tinatala tasiyana nkani ya printer.

Mu masabata yaja ndiye mwamene tinamvesesa chintu chimozi. Driver ni ka program kamene kamapangisa system kumvelana na chisulo. Pa Linux, ma driver yambili yamabwela kale mukati mwa kernel, mutima wa system wamene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991. Ngati chip ili mu chisulo chako ili na driver mu kernel, ufakako chabe, yasebenza. Ngati ilibe, uzavutika olo kompyuta inkale yodula bwanji. Ndipo zina yolembewa pa bokosi siikuuza zonse: tuma Wi-Fi tubili tungaoneke chimozi-mozi kunja, mukati muli ma chip yosiyana. Ise tinafunsa za mpamvu, koma funso yamene inafunika ni yakuti, ichi chisulo chimvelana na Linux?

Tinagulisa printer pa mutengo wapansi, tower nayo tinapeza wotenga. Ulendo wachibili tinayenda na nzelu zinangu.

Tinafuna makina yamene yanachoka mu ma office, yaja yamene bamati ex-UK: Dell OptiPlex, HP EliteDesk, Lenovo ThinkCentre. Yambili yali na graphics ya Intel yamene siifuna driver yapadela, na port ya ntambo ya network. Pali na chinangu chotiyendela bwino. Microsoft inaleka kutandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ifuna TPM 2.0 na processor ya Intel kuyambila 8th generation. Nishi makina ya 6th na 7th generation ma office yayamba kuyataya, koma pa Linux yakali kutamanga bwino. Ukapeza ili na RAM ya 8GB na SSD, ya typing, browser na LibreOffice yakwana.

Tinaganizilako na za malaiti. Tonse tikumbukila 2024, pamene manzi yanachepa ku Kariba, komboni yonse mu mudima maola yambili pa siku. Chi tower chikulu chimamaliza battery ya inverter musanga. Tuma desktop tung'ono twamene tumakwana mu chola, twambili tumasebenzesa adapter ya 65W monga laptop. Tinasanka kameneko. Pa printer, tinayamba tayangana model pa list ya OpenPrinting tikalibe kukamba za mutengo. Ba HP bali na ma driver yabo ya Linux yamene bamaitana HPLIP, ndipo ma printer yambili yamanje yokala na AirPrint yamapulinta kopanda kufaka driver iliyonse.

Koma chachikulu chinali mu tumba: flash yokala na Linux Mint. Iyi system inganyamuke kuchokela pa flash kopanda kugwila vili pa hard drive. Mu shop yoyamba banakana, ati tizabafakila virus. Tinaonga zikomo, tinachoka. Mu shop yachibili tinapempa, "Bamudala, tipaseniko chabe 10 minutes, tikapeza vonse vili bwino tilipila pamene pano." Banavomela, banaimilila kumbuyo kwatu kutamba. Tinayesa sound, network, ma port yonse ya USB imozi-imozi, tinalemba lsusb kuti tione chip ili mu ka Wi-Fi. Pa last tinalumikiza printer, pepala inachoka. Ndiye pamene tinachosa ndalama.

Ndalama yamene tinaluza pa ulendo woyamba tikali kuibweza pang'ono-pang'ono, ndipo tikaikumbukila imatibaba. Flash ija manje inkala pamozi na makiyi ya shop. Sabata yata musikana winangu wa ku Kanyama, wamene afuna kusegula ka shop monga katu, anabwela kutifunsa kuti i5 na i7 yabwino ni iti. Tinamubweleka flash, tinamulangiza moyasila, tinamuuza kuti akaibweze pa Monday.